Zimbale zanga m'munda wa mpunga

Aulutsi, ndiwerengereniko kalatayi, mwina mtima ungatsike. Ndine bambo wa kwa Mwambo kuno ku Zomba. Kwa zaka zisanu ndakhala ndikusonkhanitsa zimbale za makatuni a ku Japan, aja nkhani yake imapitirira chigawo ndi chigawo. Nthawi zina ndinkapalasa njinga mpaka ku Songani kukasaka chimbale chimodzi chokha. Anthu ankandiseka kuti n'zachibwana, koma achimwene anga aakulu ankabwera Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, n'kumaonera limodzi.

Nditapeza ganyu wa miyezi iwiri ku Blantyre, ndinawasungitsa katoni yonse ya zimbalezo. Iwo anati, "Pita mphwanga, ngakhale fumbi silizikhudza."

Tsiku lobwerera ndinadzera kumunda kwawo ku Likangala. Ndili patali ndinaona zinthu zikunyezimira pamwamba pa mpunga. Nditayandikira, ndinazizindikira. Zinali zimbale zanga, atazikoloweka pa zingwe kuti ziziopseza mbalame, zokandikakandika, zina zitapindika ndi dzuwa.

Achimwenewo analibe ndi manyazi omwe. "Mbalame zanyanya chaka chino," anatero. "Si unaonera kale zimenezi? Kodi makatuni amadyedwa?"

Kumapeto kwa chingwe kunkalendewera chimbale cha chigawo chomaliza, chomwe tinapangana kudzaonera limodzi ndikabwerako. Ndinali ndisanachionerepo, ndinkadikira iwowo.

Dzulo anditumizira thumba la mpunga umenewo. Likadali pakhonde, sindinalimasule. Omvera anzanga, tandiuzani, mpunga wotere ungadutse bwanji pakhosi panga?