Makapisozi amene ndinamanga pa chitenje

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, ine ndine Nabanda. Ambiri mumandidziwa chifukwa cha ndodo yachitsuloyi ndi benchi yakumbuyo imene ndakhalapo zaka zonsezi. Munkati ndine mayi wofatsa. Sikunali kufatsa kumene kuja. Ndinkakhala kumbuyo kuti ndizikuonani nonse, inu osandiona.

Ine sindinkakhulupirira munthu. Chipinda changa ndinkakhoma ngakhale popita kubafa. Tiyi wopanga wina ndinkayamba ndamununkhiza. Munthu akandipatsa moni mwansangala, ndinkadzifunsa kuti kodi ameneyu akufuna chiyani.

Amuna anga atamwalira, mwana wanga Chifuniro ananditenga kuti ndizikhala naye ku Area 15, ku Lilongwe. Iye ndi mkazi wake Tiwonge onse amagwira ntchito ku City Centre. Nthawi imeneyo n'kuti fupa la m'chiuno litayamba kale kundidya. Kuchipatala anandilembera makapisozi opha ululu otchedwa tramadol. Poyamba ankandithandiza. Koma zaka zitapita, mlingo umene anandilembera unaleka kugwira.

Sindinabwerere kukawauza adokotala. Ndinkati andilanda. M'malo mwake ndinkakwera minibasi ndekha, ndikutsimphina, mpaka ku Old Town. Kufupi ndi msika wa Tsoka kunali bambo wina wogulitsa mankhwala a m'chikwama. Sindinkatuma munthu. Ndinkagula, n'kumanga pakona pa chitenje, pamene amayi timamangapo ndalama ya minibasi. Ndinkamwa oposa kwambiri amene anandiuza. Ndikachedwa kumwa, thupi lonse linkandifunsa.

Kenako madokotala anati fupa lija latheratu, pakufunika opaleshoni yaikulu yoikamo lachitsulo. Mukudziwa kuti kuchipatala wodwala sagona wopanda gadiyani. Ana anga onse ndi apantchito. Ndiye Tiwonge anaitana amayi ake kuchokera ku Rumphi, aNyaMhango, asewere anga.

Apa ndi pamene nsanje inandilowa mpaka m'mafupa.

Mayi amene aja ndi msinkhu wanga, koma anatsika basi ngati mtsikana, thumba la nyemba lili pamutu. M'mawa wake anali atasesa kale bwalo lonse chowerama. Ankagwada, ankanyamuka, osagwira khoma. Mdzukulu wathu wamng'ono anamubereka kumbuyo n'kumavina naye pakhonde. Ine mwana ameneyo ndinali ndisanamubereke ndi tsiku limodzi lomwe.

Ndinkasuzumira pakatani. Adzukulu akaweruka kusukulu ankathamangira kwa iwo, ine n'kungondiponyera moni wapakhomo. Anayamba kunena kuti "agogo a ku Rumphi" ndi "agogo a m'chipinda". Wa m'chipindayo ndinali ine, amene ndinabereka bambo wawo. Chifuniro akafika madzulo ndinkatchera khutu kuti ayamba kupereka moni kwa ndani. Akaseka nawo pabalaza, ndinkati eya, akuseka kuyenda kwanga.

Asewere ankandibweretsera phala, ine ndinkati sindikumva njala. Akandifunsa kuti andithowe mwendo, ndinkati ndathowa kale. Mumtima ndinkawawerengera zolakwa, koma sindinkazipeza, ndiye ndinkadana nawo kwambiri.

Opaleshoni itayandikira tinapita kukaonana ndi dokotala wogonetsa anthu. Anali mtsikana waulemu. Anati, "Agogo, mundiuze mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale ogula nokha, ngakhale azitsamba. Sikuti tikudzudzuleni ayi. Tikufuna tidziwe kuti thupi lanu linazolowera chiyani."

Asewere anali pampando pambali panga, chikwama changa chili pamiyendo pawo. Ndinawayang'ana. Ndinaona nkhani yanga ikukwera basi mpaka ku Rumphi, kuti amayi ake a mkamwini amadya mapiritsi ngati mtedza. Iwo athanzi, oyera, okondedwa ndi ana. Ine chidakwa cha makapisozi.

Ndinayankha kuti, "Ndimamwa monga munandilembera. Masiku ena sindimwa n'komwe."

Dokotala analemba zomwezo. Ine ndinamanga makapisozi anga pa chitenje n'kupita nawo kuchipatala. Ndinati akandipatsa awowo, ine ndiziwonjezera anga mwakachetechete.

Opaleshoni inayenda bwino. Koma tsiku lotsatira, abale anga, ndinaona moto. Jakisoni amene ankandibaya anali woyezera munthu amene ndinanamizira kuti ndine. Thupi langa lenileni silinamumve. Bala linkang'amba. Thukuta linkachita kuyenda, kwinaku ndikunjenjemera ngati wamalungo. Ndinasanza. Miyendo inkakana kukhala malo amodzi. Anamwino ankayang'anana, osamvetsa.

Pabedi loyandikana nalo panali mayi wina amene anachitidwa opaleshoni ngati yanga. Iye anali atakhala tsonga, akumwa phala, akucheza ndi asewere anga. Ngakhale pa ululu umene uja, nsanje inapeza malo. Ndinati, taonani, ngakhale kuno asankha wina.

Ndinafufuza chitenje changa pansi pa pilo. Panalibe.

Posakhalitsa asewere, amene anali atatuluka ndi beseni, analowa manja ali onyowa. Anakhala pamphepete pa bedi n'kutambasula dzanja. Makapisozi anga onse anali mmenemo.

"Asewere, izi ndazipeza pa chitenje."

"Ndiye mwayamba kundisecha?"

"Yayi, ndimachapa. Munasanzirapo."

"Bweretsani kuno."

"Sindibweretsa. Amuna anga ndinawadwazika ndi mankhwala a mtundu umenewu, ndikuwadziwa. Akubayani kale wamphamvu. Mukawonjezera awa mwamseri, n'kugona osadzuka, mkamwini wanga ndikamuuza chiyani?"

Apo zonse zimene ndinasunga mumtima zinatuluka. Ndinakuwa wodi yonse ikumva. "Musanamizire chifundo inu! Adzukulu mwatenga. Mwana wanga mwatenga. Tsopano mukufuna ndife ndi ululu kuti nyumba itsale yanu!"

Mayi wa phala uja anaika supuni pansi.

Asewere anandiyang'ana. Kenako anati, "Nyumba iti? Ijayi, yopanda ndi nkhuku yomwe? Mayi inu, ndikadafuna kuti mufe, bwenzi nditakupatsani onsewa, ndi madzi omwe ndikadakutungirani."

Anaika makapisozi aja pa kabati, patali poti dzanja langa silikanafika, n'kuvundikira ndi kapu. Anati, "Adokotala ali pabedi lachitatu uko, akubwera. Ine sindinena kanthu, pakamwa ndi panu. Ndikutuluka, poti ndaona kuti manyazi anu ndine."

Anatuluka. Ndinatsala ine, kapu ija, ndi Mulungu.

Abale, ine ndinabatizidwa ndili mwana. Nyimbo za m'buku ndimaziimba osayang'ana. Koma tsiku limenelo ndi pamene ndinapemphera koyamba. Sindinapemphere mawu okongola. Ndinati, "Yesu, ndatopa kulondera. Ndalondera chitseko, ndalondera tiyi, ndalondera ana anga omwe. Taonani pamene zandifikitsa. Munthu amene ndimamuda ndi amene wachapa masanzi anga. Ngati Inu muli wokhulupirika, nditsegulireni pakamwa pano, chifukwa ndekha sindingathe."

Ululu sunachoke. Ndisakunamizeni. Chimene chinachoka ndi mantha aja akuti anthu adziwa.

Dokotala uja atafika ndinamuuza kuti avundukule kapu. Ndinamuuza zonse, za bambo wa chikwama, za mmene ndinkamwera, ndi zaka zimene ndakhala ndikutero. Ndinkadikira kuti andikalipira. Iye anangokoka mpando. Anati, "Agogo, mwachita bwino. Thupi lanu linazolowera ambiri, ndiye ife timakupatsani ochepa osadziwa. N'chifukwa chake mukuvutika chonchi. Mukadamwanso awa pamwamba pa athu, mpweya ukanatha kuima. Tsopano tadziwa, tikonza."

Anasintha mankhwala, anamwino n'kumabwera pafupipafupi kudzaona kapumidwe kanga. Dzuwa lisanapendeke kunjenjemera kunaleka. Ndinagona tulo ta munthu.

Nditadzuka, asewere anali pansi pa mkeka wawo akusenda nthochi. Ndinati, "Asewere, mundikhululukire."

Anati, "Idyani kaye nthochi, mwaonda ngati ndodo yanuyo."

Ndinadya. Sindinainunkhize.

Masiku amene aja anandisambitsa, ananditembenuza, anandigwira mkono pophunzira kuyenda mukhonde la chipatala. Tsiku lina akundipesa anandiuza kuti, "Inu mumati ndakulandani adzukulu. Ine ndimawaona kamodzi pachaka. Ndikabwerera kwathu, amene amamva mawu awo m'mawa uliwonse ndinu. Mwana wanga amene ndinamuyamwitsa amaphikira inu. Mukuganiza kuti ine sizindipweteka?" Zoti nawonso angandisirire ine, wa m'chipinda, sizinandibwererepo m'mutu.

Makapisozi sindinasiye tsiku limodzi ayi. Adokotala anati kusiya mwadzidzidzi n'koopsa. Ankanditsitsira pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo mankhwalawo ndinapereka ndekha kwa mpongozi wanga Tiwonge kuti azisunga ndi kundipatsa pa nthawi yake. Panali masiku oipa, oti mapazi ankafuna kukwera minibasi ya ku Old Town. Ndinkamuuza Tiwonge, tinkapemphera, tsiku n'kudutsa. Lero sindimwanso. Mwendo umalasa kukazizira, koma ndafika pano ndi mapazi anga.

Nsanje nayo Ambuye akundichotsera chimodzimodzi, pang'onopang'ono. Asewere akaimba foni ana n'kumalimbirana kuti alankhule nawo, kanthu kena kamandigwirabe pachifuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku ano ndimakadziwa dzina, ndimakatengera kwa Yesu kasanakule, kenako ndimalanda foniyo n'kucheza nawo kuposa anawo.

Ndiye ndaima pano kuti ndithokoze Mulungu, amene sanalole kuti ndife ndi bodza langa. Ananditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene ndikanamubweza pageti ndikadakhala ndi mphamvu. Dzina lake litamandike.

Inu amene mukudikira opaleshoni, kaya muli ndi wodwala kunyumba, nyamulani mankhwala onse mukawaonetse adokotala, ndi ogula kumsika omwe. Manyazi asakuphetseni. Ndipo ngati muno muli wina amene mukaona mnzanu akuseka ndi ana anu mtima umakuwawani, amene mumagona mukuwerenga zimene ena ali nazo, ndikudziwa kulemera kwake. Musabwerere nako kunyumba lero. Bwerani kutsogolo kuno, Yesu akulandirani. Ngati miyendo ikukana, kwezani dzanja, ndibwera ndine kudzakutengani. Amen.