Umboni wa Yunike Saizi pa Phukusi Lopezeka m'Chikwama cha Wotiperekeza

Ine, Yunike Saizi, wa zaka 47, wa m'mudzi mwa Chakulembera, dera la Dambe, boma la Neno, namwino, ndikunena izi:

Ndili mwana ndinkadwala kamfuno. Tsiku lina magazi atakana kuleka, mayi anga, a Mailesi Saizi, anayenda wapansi mpaka ku Luwani, kumene kunali msasa wa anthu othawa nkhondo ku Mozambique. Anasinthanitsa nkhuku ndi ndowe zouma za njovu. Anaziika paphale la makala, n'kundifunditsa chitenje chawo kuti ndipume utsiwo. Dzanja lawo linali pamsana panga mpaka magazi analeka.

Mwezi watha ife ogwira ntchito zaumoyo tinakonza ulendo wa masiku awiri: kukaona nyama ku Majete, kenako nyumba zakale mumzinda wa Blantyre. Kampani imene tinagwirizana nayo inatipatsa minibasi ndi wotiperekeza, a Lonjezo Fachi. Mayi, amene tsopano amadwala mutu kawirikawiri, atamva za ulendowo anati: "Mapilitsi akowo ndamwa ndatopa. Ukandibweretsereko za njovu." Kuntchito ine ndimaletsa odwala mankhwala oterewa. Koma mayi sindinawakanize.

Loweruka lapitali m'mawa, tisanalowe pageti la nkhalango ya Majete, a Fachi anati: "Muno timatengamo zithunzi zokha. Ngakhale nthenga, isiyeni pomwe mwaiona." Tinaona njovu, mbidzi ndi mvuu. Mnzanga Constance Bonongwe atakuwa poona njati, a Fachi anamuuza kuti aiope pang'ono, poti nayonso ikumuopa iyeyo. Onse anaseka.

Masana, tili m'nkhalango momwemo, tinatsika pamalo odyera pafupi ndi mtsinje wa Shire. Ndinapita kuseri kwa chimbudzi, ndipo patsinde pa mtengo ndinapeza ndowe zouma. Ndinatola ziwiri, kuzikulunga m'nyuzipepala ndi m'jumbo yakuda, n'kuziika m'kachikwama kanga ka m'manja. Palibe amene anandiona.

Tinagona ku Blantyre. Lamulungu m'mawa tinaona nyumba ya Mandala, kenako tinapita kutchalitchi chakale cha njerwa cha St Michael. Tikutsika, Constance anati: "Asisi, chikununkha ngati khola n'chiyani? Kapena mwabera njovu sopo?" Ndinati ndaiwala foni, ndipo ndinabwerera m'minibasi. Chikwama chobereka cha a Fachi chinali pansi pa mpando wakutsogolo. Ndinaika phukusilo m'thumba lake la m'mbali, kuti ndidzalitenge tikafika ku Neno.

Nditalowa m'tchalitchi, a Fachi ankafotokoza kuti amene anamanga nyumbayo sanaphunzire zomangamanga. Atandiona ndaima kumbuyo, anabwerezanso zonse kuti nanenso ndimve.

Cha m'ma 3 koloko masana, pobwerera, apolisi a pamsewu anatiimitsa n'kuyamba kusecha katundu. Wapolisi mmodzi anatulutsa phukusi lija. Anafunsa mwini chikwama, a Fachi anavomera kuti n'chawo, koma anati phukusilo sakulidziwa. Wapolisiyo analimasula n'kunena kuti chikhoza kukhala chamba chosakaniza. A Fachi ananunkhiza n'kunena kuti: "Bwana, izi ndi ndowe za njovu." Wapolisiyo anati: "Ndiye mukuzidziwa, eti? Chamba kaya ndowe, zonse mukafotokoza kutsogolo. Za m'nkhalango yotetezedwa satulutsa."

A Fachi anatembenukira kwa ife n'kunena kuti: "Makolo anga, ngati alipo amene anaika, anene. Sindikwiya." Ndinali pampando wachiwiri, moti ndikanatambasula dzanja ndikanawakhudza. Pambali panga panali a Mathews Kalonga, mkulu wathu wa kuntchito. Iwo anati: "Ife ndi anthu achipatala, zoterezi sitigwira." Ine ndinayang'ana pafoni. Wapolisi anafunsanso kawiri. Sindinayankhule.

A Fachi anatsala m'manja mwa apolisi. Asanatsike anapatsa dalaivala mabotolo amadzi kuti atigawire m'njira.

Lolemba Constance anandiuza kuti kampani yawaimitsa ntchito a Fachi, ndipo chiphaso chawo choperekezera alendo chikhoza kulandidwa. Ndinati ndamva, n'kupitiriza kuyeza ana sikelo.

Lachiwiri madzulo ndikusenda mbatata pakhonde, mayi anafunsa kuti: "Kodi za njovu zija zili kuti?" Ndinawafotokozera zonse. Nditamaliza anati: "Ndiye mwana wa eni ali m'chitokosi chifukwa cha mutu wanga, iwe uli pano ukusenda mbatata?" Anandilanda mpeni n'kumaliza okha. Tsiku limenelo sanadye.

Lero Lachitatu ndabwera ndekha kupolisi ya Neno, popanda wondiitana. Ndikutsimikiza kuti ndowezo ndinatola ndine, m'chikwama ndinaika ndine, ndipo a Fachi sankadziwa kanthu. Lamulo anatiuza momveka, ndipo ndinalimva.

Wapolisi amene akulemba umboni uno waimbira foni anzake amene akusunga nkhaniyi. Andiuza kuti a Fachi anatuluka pa belo dzulo. Agwirizana kuti Lachisanu, 10 koloko m'mawa, tidzakumane pano: ine, a Fachi, mwini kampani ndi woimira a zanyama zakutchire. Atawaimbira foni, a Fachi poyamba anakana kundiona, koma kenako avomera.

Mayi ndawaimbira foni, ndipo anenetsa kuti adzabwera nawo pa njinga yamoto, ngakhale msewu wa ku Dambe ndi woipa, poti anandituma ndi iwo. Ndapempha kuti aitanidwenso a Kalonga ndi Constance. Analipo pamene ndinakhala chete, choncho adzakhalepo pamene ndizidzayankhula.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Wapolisi wandiwerengera umboni wonsewu, ndipo palibe choti ndichotsepo.

Wopereka umboni: Yunike Saizi ____________