Mlongo Wanga Kumsana kwa Munthu Wosamudziwa

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi atate, anzanga a kwaya, moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Mundikhululukire ngati mawu anga sakufika kumbuyoko, sindinaimepo kutsogolo kuno. Ndine Takondwa, wa konkuno ku Zemba, ndili giredi naini. Ndikufuna kuchitira umboni zimene Mulungu anandichitira ku Chipata pa holide yapitayi, ine ndi mlongo wanga wamng'ono, Yamikani.

Ambiri mukudziwa kuti amayi anadwala titangokolola chimanga. Anawatumiza kuchipatala chachikulu ku Chipata, anawachita opaleshoni, ndipo atatuluka anakhala kwa amayi aang'ono, amake Dalitso, m'komboni, kuti azipita pafupi kukatsukitsa bala. Yamikani, wa zaka ziwiri, anatsala m'manja mwanga. Kumusambitsa ine, kumudyetsa ine, kumutulutsa panja m'mawa kuti akodze ine. Koma amayi akaimba foni ankangolira kuti, "Ndikufuna kumuona mwana wanga." Atate sakanatha kusiya ng'ombe ndi thonje losagulitsa, ndiye sukulu itatsekera anati ndipite naye ndine.

Anatinyamula panjinga mpaka pamsewu. Anandipatsa kafoni kawo nandiuza kuti, "Ukatsika pa sitesheni usasunthe. Uwaimbire amayi ako aang'ono, abwera kudzakuchingamira." Ndinamva. Ndithu ndinamva, abale. Ku Chipata ndinali ndisanafikeko chibadwire.

M'minibasi ndinakhala pafupi ndi abambo ena aulemu, ovala jekete, imvi zili mbuu m'mbali mwa mutu. Anandisunthira malo, anamugulira Yami maheu. Kenaka anayamba kundifunsa monga afunsira akulu.

"Mfunda wako ndani, mwanawe?"

"Ndine Nabanda."

"Aa! Ndiye ndiwe mwana wanga weniweni. Inenso ndine Banda. Nanga dzina? Ukupita kwa yani?"

Amayi ndi atate, inu munatiphunzitsa kuti wamkulu akafunsa, mwana ayankhe zonse, asabise. Ndinayankha zonse. Dzina langa, dzina la Yami, za bala la amayi, za amake Dalitso, ndiponso kuti m'tauni ndi koyamba. Iwo ankangoti, "Pepa, pepa, Mulungu alipo." Tili pafupi kufika ndinawamva akulankhula pafoni motsitsa mawu, nkhope atalozetsa kuwindo. Ndinati ndi za kwawo.

Pa sitesheni panali phokoso loti mutu kuzungulira. Anyamata oitanira mabasi, anjinga, ogulitsa mazira, aliyense kukukoka mkono. Ndinaima pambali, Yami ali kumsana atagona, chikwama chili pamutu. Ndikuti nditulutse foni, ndinangomva, "Takondwa! Takondwa iwe! Wakula chonchi?"

Anali amayi onenepa bwino, ovala diresi yoyera, onunkhira mafuta abwino. Anandikumbatira. Anati, "Ndine neba wa amake Dalitso. Bala la amayi ako lavuta lero, sangawasiye okha. Andituma ine kuti ndikuchingamireni. Uyu ndiye Yamikani? Mayo, bwera naye ndikulandire, watopa mwana iwe."

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse. Kwathu kuno munthu akakuchingamira panjira, sumukaniza katundu. Ndi chipongwe. Ndiye ndinapinda maondo, ndinaomba m'manja, ndinamasula chitenje. Ndi manja anga awa ndinamunyamula mlongo wanga n'kumuika kumsana kwa amayi aja. Ndi manja anga awa ndinawakonzera chitenje kuti amange bwino. Palibe amene anandilanda. Ndinapereka ndekha, ndipo ndinathokoza.

Kenaka anati, "Bwera nayo foniyo ndiwauze kuti ndakupezani." Ndinapereka. Anaiika kukhutu n'kunena kuti, "Ee, ndawapeza, tikubwera," basi n'kuiponya m'kachikwama kawo. Ndinafuna kuipempha, koma manyazi. Anzanga a kwaya mukundidziwa, ine ngakhale m'kalasi sindikweza mkono.

Tinayamba kuyenda, iwo patsogolo, ine pambuyo. Tinasiya msewu wa tala, tinalowa m'komboni. Njira zake n'zopapatiza, nyumba kugundana, ngalande za madzi akuda kudutsa pakhomo penipeni. Kukhota uku, kukhota uku, mpaka sindinadziwenso kumene tachokera. Dzuwa lili pamutu, koma m'mabala nyimbo zili phuu, amuna atakhala pamabenchi akumwa. Ine ndinkapatsa moni aliyense amene takumana naye. Palibe anayankha. Amayi aja anati, "Leka zimenezo, kuno sitichita moni, fulumira."

Ndiye poyenda ankacheza. Anati, "Kunyumba akukudikirani kwambiri. Bambo ako aang'ono anyamuka m'mamawa kukagula nkhuku ya alendo."

Abale anga. Abale anga.

Bambo anga aang'ono, atake Dalitso, tinawaika chaka chatha kumanda a kwathu kuno. Ena mwa inu atate munakumba nawo manda aja. Amayi a chigwirizano munagona nafe pamaliro. Nkhani imeneyi yokha ndi imene sindinawauze abambo a m'minibasi aja, chifukwa sindikonda kuikamba.

Ndinacheuka pang'ono, ndipo kumbuyo, patali, ndinaona jekete lija. Abambo aja, a Banda aja, amene anati ndine mwana wawo, ankatitsatira pang'onopang'ono, manja ali m'thumba.

Ndinadziwa kuti tagwidwa. Ndipo mlongo wanga ali kumsana kwawo, womangidwa ndi chitenje changa.

Ndinaganiza zokuwa kuti, "Wakuba!" Koma Dalitso, mwana wa amayi aang'ono, anandiuzapo kuti m'komboni akamva mawu amenewo safunsa, amangotola miyala. Nanga mwalawo udzasankha kuti uyu ndi wakuba, uyu ndi mwana? Ndiponso ndikakuwa, iwo athamanga. Njira akuzidziwa, ine sindikuzidziwa. Akangokhota kamodzi, ndikawauza chiyani amayi anga? Ndikafika kwa munthu wa bala pamimba, ndili ndi chikwama, mwana ndilibe?

Ndinayesa mwaulemu. Ndinati, "Amayi, mwatopa. Bweretsani ndimubereke."

Anati, "Yenda iwe, tafika kale." Mawu sanalinso aja a pa sitesheni. Ndipo ndinaona dzanja lawo likugwira mfundo ya chitenje pachifuwa, zolimba.

Yami anadzuka. Anayang'ana mutu umene uli patsogolo pake, anaona kuti si wanga, anatembenuka kundifunafuna. Sanalire. Anangoti, "Tako." Ndimo amanditchulira. "Tako." N'kutambasula kamkono.

Abusa, munatiphunzitsa mapemphero ambiri ku Sande sukulu. Onse anathawa m'mutu. Ndinatsala ndi mawu awiri okha. Yesu, Yami. Yesu, Yami. Ndikuyenda, Yesu, Yami.

Kutsogolo njira inagawikana. Kumanzere kunali nyumba zosatha kumanga, zopanda madenga, udzu utamera m'kati, kopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Kumanja, chapatali pang'ono, kunali mpopi, amayi ambiri ali pamzere ndi zidebe. Amayi a diresi yoyera anayamba kupendekera kumanzere.

Ndiye ndinamva madzi a pampopi paja akugwera m'chidebe chopanda kanthu. Phokoso lija linandikumbutsa chinthu. Yami anali asanakodze chichokere kunyumba. Maheu onse aja anamwa, n'kugona njira yonse. Ndipo ine ndi amene ndimamukodzetsa tsiku lililonse. Amayi mukudziwa mmene timachitira ndi ana, kaphokoso kaja ka pakamwa. Yami anakazolowera kwa ine, akangokamva basi.

Ndinasendera pafupi, ndinagwira kachipewa kake, ndinaika pakamwa pafupi ndi khutu lake. "Swiii. Swiii."

Palibe chinachitika. Anangondiyang'ana.

Amayi aja anatembenuka. "Ukuchita chiyani kumbuyoko?"

"Ndikumukonza chipewa."

"Tasiya, uzibwera."

Tinali titaponda kale udzu wa kumanzere kuja. Kumbuyo ndinkamva nsapato za abambo aja, tsopano pafupi. Milomo inali youma moti mpweya unkakana kutuluka. Ndinainyambita. Ndinati Yesu, kamodzi kokha. "Swiii. Swiii, Yami, swiii."

Ndinaona kankhope kake kakumasuka. Ndinaona diresi yoyera ija ikuda kuyambira pamsana, kutsika m'chiuno, mpaka madzi kuyenderera m'miyendo.

Sekani, abale, sekani ndithu. Inenso masiku ano ndimaseka. Koma tsiku lija sindinaseke.

Amayi aja analumpha. "Aa! Aa! Kamwana kauve aka! Diresi yanga!" Anamasula mfundo ija okha, anamutsitsa Yami ndi mkono umodzi, atamutalikitsa ngati chinthu chonunkha. Ine ndinagwetsa chikwama. Ndinamukwatula. Sindinamubereke, ndinangomukumbatira pachifuwa n'kuthamanga. Patapata mmodzi anaduka, ndinamusiya. Ndipo pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo: "Mayo ine! Amayi, ndithandizeni! Mayo!"

Ndinagwera pakati pa zidebe, ndinagwira mwendo wa amayi ena aatali amene anali kutsogolo kwa mzere. Onse anatizungulira. "N'chiyani? Wakutani ndani?" Ine ndinangoloza kumene ndinachokera.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Amayi a diresi aja anabwera. Anabwera akumwetulira, akupukuta msana, ngati palibe kanthu. Anati, "Pepani anzanga, musadabwe. Ndi mwana wa mng'ono wanga uyu, wangofika kumene kuchokera kumudzi. Tauni yamusokoneza mutu. Takondwa, dzuka, ukundichititsa manyazi. Bwera naye Yamikani."

Mayina onse akuwadziwa. Ndinaona amayi ena akuyamba kuseka, ena akubwerera kuzidebe zawo. Wina anati, "Ana a kumudzi ndi choncho, akaona galimoto athawa." Dzanja lija linali litafika kale paphewa pa Yami.

Amayi aatali aja anawerama. Anandiyang'ana m'maso nati, "Mwana iwe, usayang'ane pansi, yang'ana ine. Awa ukuwadziwa?"

Chibadwire sindinatsutsepo munthu wamkulu pamaso pake. Koma Yami anali atandigwira khosi, kamtima kake kakugunda pa wanga. Ndinati, "Sindikuwadziwa. Atenga foni ya atate. Akuti bambo anga aang'ono ali moyo, koma anamwalira. Sindikuwadziwa."

Madzi anasefukira m'chidebe, palibe anatseka mpopi.

Amayi aatali aja anaweramuka. Sanakuwe, sanatukwane. Anachotsa dzanja lija paphewa pa Yami n'kunena kuti, "Chabwino, mayi. Ngati ndi ana anu, palibe vuto. Tiyeni tonse tikuperekezeni kunyumbako, tikawaone odwalawo. Anzanga, siyani zidebe." Ndipo amayi onse aja anasiyadi zidebe, n'kuyamba kumanga zitenje m'chiuno.

Amayi a diresi aja anati, "Ee, tiyeni, ndingotenga chikwama cha mwanayu." Anayenda bwinobwino mpaka pamphambano paja. Chikwama chinali kale m'manja mwa abambo a jekete. Anakhota onse awiri kuseri kwa nyumba zosatha zija, ndipo sitinawaonenso. Atsikana ena anafuna kuwathamangira, koma amayi aatali anati, "Asiyeni! Uko ngakhale ife sitipondako. Ana tili nawo, basi."

Anatipatsa madzi akumwa. Wina anandivulira mapatapata ake. Amayi aatali anavula chitenje chawo kuti ndiberekere Yami, ndipo anati, "Umubereke wekha. Ngakhale ine usandipatse." Anatiperekeza mpaka pa sitesheni atandigwira dzanja, akundikalipira njira yonse ngati mayi wanga wondibala: "Kuno munthu akatchula dzina lako si m'bale wako ayi. Mayina amatola m'basi. Wamva, iwe?" Dzina lawo sindinafunse. Mutu sunali bwino. Mpaka lero zimandiwawa, koma Mulungu akuwadziwa.

Pa sitesheni tinapeza amake Dalitso akuzungulira basi iliyonse, duku lili m'manja, akufunsa makondakitala, chifukwa foni ya atate inali yozimitsa. Atationa anangokhala pansi pafumbi. Tinapita kupolisi kukanena, koma anthu aja sanapezeke. Foni inapita. Zovala zinapita, mtedza umene atate anatumizira amayi, ndi kabuku kanga kamene ndinkalembamo za mumtima mwanga. Kabukuko ndinakalira masiku angapo, sindinama.

Chimene ankafuna kuseri kwa nyumba zija sindikuchidziwa. Kaya chikwama chokha, kaya ine, kaya mwana. Nthawi zina ndikagona ndimalota ndikumanganso chitenje chija kumsana kwawo, ndimadzuka n'kupapasa pamphasa kuti Yami alipo. Mundipempherere pa zimenezo. Koma chimene ndikudziwa ndi ichi: madzulo a tsiku lomwelo ndinalowa m'chipinda mmene munagona amayi, ndinagwada, ndipo ndinawaika mwana wawo m'manja. Wamoyo. Wopanda ndi kabala komwe.

Mulungu sanatume msilikali. Sanatume munthu wamphamvu. Anatuma madzi a pampopi, kamwana ka zaka ziwiri, ndi amayi otunga madzi. Ndikuthokoza Yesu. Ndikuthokoza, ndikuthokoza, sindidziwa kuti ndinene bwanji.

Amayi anachira, ndi awo akhala kumbali ya azimayi. Amayi, taimirirani, mukwezeni m'mwamba amuone. Ndi ameneyo, abale. Ndi ameneyo Yamikani, akudya chala. Ine mawu anga ndi aang'ono, sangakwane. Ndibwerekeni anu. Amayi, nthungululu! Atate, m'manja! Kondwerani nane, mlongo wanga ali kwathu. Amen.