Mbiri ya Mayi Edwina Maliwichi, Mzamba wa ku Chipululu

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi anansi nonse, tipepese maliro. Banja landituma kuti ndikuwerengereni mbiri ya mayi athuwa.

Malemu Mayi Edwina Maliwichi, a Nangozo, anabadwa pa 14 Malichi 1966 ku Kasinje m'boma la Ntcheu, m'banja la Bambo ndi Mayi Chikuse. Pulayimale anaphunzira kwawo komweko, sekondale ku Likuni, ndipo mu 1989 anamaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba ku Nkhoma. Mu 1992 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Percy Maliwichi.

Mu 2005 malemu anapeza ntchito ku Qatar, kadziko ka Aluya kolowa m'nyanja ngati chala. Abale tinayesa kuwaletsa, koma iwo anali atamanga kale mtima. Anakapeza dziko lopanda mtsinje ngakhale umodzi, kumene madzi akumwa amachokera m'nyanja atachotsedwa mchere, ndipo mphepo yakumpoto ikauka, mchenga umaphimba dzuwa masana.

Chiyambi chinali chowawa. Pachipatala cha kumpoto kwa dzikolo, amayi a mabanja oweta ngamila ankachita nawo manyazi chifukwa samamvana chinenero. Malemu sanapakire katundu. Anaphunzira Chiarabu mpaka kumachezera nthabwala. Anaphunzira kulandira khofi ndi dzanja lamanja, kudyera zipatso za kanjedza, ndi kugwedeza kapu posonyeza kuti wakwana. M'mwezi wa Ramadani, ngakhale anali Mkhristu wa Mvano, sankadya pamaso pa anzawo osala. Posakhalitsa amayi aja anayamba kuwaitanira ku maukwati, ndipo ambiri sankafuna mzamba wina koma iwowa. Mwambo umene unawakhudza koposa ndi wa anthu a m'chipululu, woti mlendo umamulandira, kumudyetsa ndi kumugoneka usanamufunse dzina kapena chimene wadzera.

Mu 2016 banja linasamukira kuno ku Middlesbrough, m'dziko la Angerezi. Kuchipatala anakumana ndi amayi othawa nkhondo ku Syria ndi Sudan, oyembekezera koma osatha kunena pamene pakuwawa. Malemu anakhala pakamwa pawo. Loweruka chipinda chawo chochezera chinkadzaza: mapilo pansi, nsapato pakhomo, Chichewa, Chiarabu ndi Chingerezi zikuphikidwa mumphika umodzi.

Mu 2023 anawapeza ndi khansa ya m'chiberekero, ndipo madokotala anati sadzatha chaka. Chaka chinatha iwo alipo.

Ambirife tikukumbukira Lamlungu lija la mu Ogasiti 2024, pamene anthu achipolowe ankaphwanya mawindo m'misewu yokhala alendo. Malemu anali atangotuluka m'chipatala, osatha kukwera masitepe. Amayi othawa nkhondo aja atayamba kuimba foni akulira kusowa kobisala, Bambo Maliwichi anakumbutsa malemu kuti thupi lawo silili bwino ndiponso nyumba yawo ingagendedwe. Yankho lawo tonse tikulidziwa: "A Percy, tsegulani chitseko. Zofunsana tifunsana akadya." Bambo anatenga galimoto ndi kuyamba kututa mabanja, ena osawadziwa n'komwe. Madzulo amenewo mmodzi mwa amayiwo, amene anali woyembekezera, matenda anamuyamba, ambulansi ikulephera kudutsa. Malemu anadzuka pabedi, anasamba m'manja, ndipo mwana wamkazi anabadwira m'nyumba mwawo, wamoyo ndi wathanzi. Anali mwana womaliza kulandiridwa ndi manja awo.

Mu Disembala anakaonerera mwana wawo Tamara akulandira digiri ya uzamba ku Liverpool. Anali pa njinga ya odwala, koma nthungululu zawo zinamveka holo yonse. Anatisiya pa 9 Febuluwale 2025 kunyumba kwawo, amayi a Mvano akuwaimbira, iwonso akutsatira ndi milomo.

Malemu asiya amuna awo Bambo Percy Maliwichi, ana awiri, Chiletso ndi Tamara, zidzukulu Emily ndi Yohane, komanso alongo awo Bambo Ernest Chikuse ku Ntcheu.

Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, mpingo, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ochokera ku Wakefield ndi Leeds, ndiponso abale athu Achisilamu amene aphika ndi kugona nafe pamaliro pano.

Sitikuika munthu wogonja lero. A Nangozo, ntchito mwaigwira, nkhondo mwaipambana. Mzimu wanu uuse mumtendere.