Chitseko cha Pakati

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, tikukhala m'nyumba yosanja ija ya ku Thamesmead imene makoma ake ankatuluka thukuta nthawi yozizira, inenso ndinasankhapo hotela ya kumalo a masewera a ana. Inde, ineyo. Iwe Esi usabise pakamwa, ndakuona ukuseka, ndipo iwe Mada ika foniyo patebulo. Chitulukireni m'tchalitchi mwakhala mukukangana, uyu akuti hotela ya dziwe losambira, uyu akuti ya chakudya cham'mawa chaulere, ngati kuti kamwana ka Mada ka zaka zinayi kamasamala za soseji. Inu mukusankha ndi chala, kungokhudza galasi hotela makumi awiri mbwee, koma ine ndinasankha ndi miyendo, masabata atatu athunthu, ndipo ndikanalakwitsa mwana wanga akanakalowa m'ndende.

Dzina uli naloli, Esi, ndi la azakhali ako, mwana wanga woyamba Esnati. Mumangomva kuti anatsala kumudzi, koma simunafunsepo kuti anatsala bwanji. Agogo anu aamuna anali mphunzitsi, ndipo zinthu zitavuta dziko litangolandira ufulu, dzina lawo linapezeka pakati pa anthu amene boma linkawatcha zigawenga. Tinathawa wapansi kudzera ku Mchinji, bambo anu Yohane ali kumsana akuyamwa, koma Esnati anali ndi zaka zisanu, ndipo miyendo ya zaka zisanu siingayende m'tchire masiku atatu. Ndinamusiya kwa achemwali anga a Enelesi. Ndinamupatsa chinangwa chootcha m'manja n'kumuuza kuti ndikupita kuchigayo, ndibwera dzuwa lisanalowe. Chigayo chimenecho chinandifikitsa ku Lusaka, kenaka kuno, ndipo panadutsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Musandifunse za makalata. Masiku ano mukalota zoipa mumangoimba foni, nkhope ya munthu wa ku Zomba n'kutulukira pompo, koma nthawi imeneyo kalata yochokera kwa ife inkatha kumangitsa mudzi wonse. Ndiye tinangokhala chete, ine ndikuchapa nsalu za kuchipatala, agogo anu akuwerenga matikiti pasiteshoni, mwana akukula ife osamuona.

Tsiku lina la Sabata titaweruka mapemphero ku Peckham, anandikokera pambali mayi wina wokalamba wachizungu amene anagwirako ntchito pachipatala cha mishoni kwathu, ndipo Chichewa ankachilankhula cha m'mphuno. Anati, “Mayi, mwana wanu ali m'dziko muno. Boma lamutumiza kudzaphunzira uzamba kumpoto uko. Ali ndi anzake atatu ochokera kwanu, ndipo mmodzi mwa iwo ndi khutu la boma, koma sakudziwa kuti ndi uti.” Ndinakhala pansi pamasitepe. Mayiyo anati iye angathe kumutenga Esnati ngati mlendo wake, Lachisanu mpaka Lamulungu, koma kunyumba kwathu ayi, kutchalitchi ayi, kulikonse kumene kumafika Amalawi ayi. “Malo musankhe ndinu,” anatero. Ndinamufunsa ngati mwanayo wanena kuti akufuna kundiona. Anayang'ana nsapato zake n'kuti, “Wanena kuti abwera.”

Apa ndiye panabuka nkhondo m'nyumba. Agogo anu, Mulungu awasunge, anali munthu wa mabuku, ndipo anati tipeze kahotela kachete kumidzi ya azungu, kopanda anthu. Ine ndinati, “Bambo a Yohane, nzeru zonse zija munazisiya m'kalasi? Akazi awiri akuda m'mudzi wa azungu okhaokha, ngakhale ng'ombe zikatiloza!” Iwo anati nanga hotela zikuluzikulu za m'tauni muno, ine ndinati kumeneko ndiye kumagona nduna zikabwera. Tinakangana mpaka tiyi kuzizira, ndipo anatiweruza ndi Yohane, amene ankangomvera ali pakhomo. Anayankha m'Chingerezi chake, monga mumachitira inumu, kuti Mmalawi wovala suti sanamuonepo kumalo a akatungwe. Tinayang'anana. Zoonadi, anthu a boma aja ndi mataye awo, ndani akanakakwera kasitima kozondotsa anthu kaja?

Ndiye ndinayamba kuyenda. Kunali masitolo ogulitsa maulendo, mashelefu odzaza timabuku tazithunzi, ndipo ndikaweruka kuntchito ndinkakwera basi kukatola timabukuto, lero ku Woolwich, mawa ku Peckham, mpaka ku Croydon kumene ndinkadana nako chifukwa cha mizere ya ku ofesi ya mapepala athu okhalira m'dziko muno. Ndinkatiyala patebulo ngati nyemba zosankha. Hotela ina inali yokongola koma kutali ndi siteshoni, ina inali m'kati mwa mpanda momwe aliyense amadya patebulo limodzi ndi kuimbitsana nyimbo, ndipo ine ndinati ayi, kumeneko atifunsa mayina. Ina inali ndi munthu wojambula zithunzi pakhomo penipeni, ndinaitaya kutali, chifukwa chithunzi chimodzi chikanakwana kumumaliza mwana wanga.

Safunsa anadya phula, adzukulu anga. Sabata lachitatu ndinalimba mtima n'kukhala pampando pamaso pa mayi wina wa zikhadabo zofiira m'sitolo ya ku Peckham, ndipo ndinamuuza kuti ndikufuna malo aphokoso, odzaza anthu, masiku awiri okha. Anatsegula kabuku n'kundionetsa hotela ina kunyanja, ulendo wa maola awiri pasitima, yoyang'anana ndi bwalo la akatungwe, ndipo anati ili ndi zipinda za mabanja zokhala ndi chitseko pakati, munthu n'kuchoka chipinda china kulowa china osatulukira pakhonde. Ndinati imeneyo. Anatenga cholembera n'kufunsa kuti, “Muli ndi mwana?” Ndinati eya, wamkazi. “Zaka zingati?” Ndipo pakamwa pangapa, popanda kundifunsa ine mwini, panayankha kuti, “Zisanu.” Ndinazindikira ndili kale m'basi, koma manyazi anandiletsa kubwerera.

Mayi wa mishoni uja analembetsa chipinda chinacho m'dzina lake, ine changa m'dzina la kwa bambo anga. Agogo anu sanapite. Nkhope yawo inkadziwika, ndipo anati, “Ndikapita ine ndamupha.” Anandiperekeza mpaka pa basi, atanyamula chikwama changa, ndipo basi itanyamuka ndinawaona akupukuta magalasi awo ndi taye, chinthu chimene sankachita.

Ndinafika Lachisanu masana. Phokoso lake, inu! Nyimbo za malimba, ana kukuwa, fungo la anyezi wokazinga ndi shuga wopsa, ndipo pansi pa zenera langa penipeni panali akavalo amatabwa aja ozungulira, opakidwa golide. M'chipindamo ndinapeza bedi langa, ndipo pambali pake kabedi kakang'ono kofunda bulangeti la pinki, pamwamba ataikapo matikiti a mwana okwerera akavalo. Ndinakhala pansi n'kudziseka ndekha, kenaka kusekako kunasanduka zina.

Cha m'ma 3 koloko ndinamva makiyi kuchipinda chinacho, ndi mawu a mayi wa mishoni, ndi mawu ena a munthu wamkazi wamkulu amene sindinawadziwe. Ndinathamangira chitseko chapakati chija n'kutsegula. Mukudziwa chimene ndinapeza? Chitseko china. Wa zikhadabo zofiira uja sanandiuze kuti zitseko zimenezi zimakhala ziwiri, chako ndi cha mnzako, ndipo cha mnzakocho kumbali yako chilibe chogwirira, ndi thabwa losalala basi. Iwe ungatsegule chako, koma chinacho amatsegula ndi mwini wake.

Ndinagogoda pang'ono. Ndinati, “Esnati, ndine.” Mawu aja anasiya. Ndinamva mapazi akubwera, anaima, ndipo pansi pa chitseko ndinaona mthunzi wa nsapato ziwiri. Unakhala pamenepo nthawi yaitali, kenaka unachoka.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene anapeka mwambi umenewu sanali ndi masiku awiri okha. Ndinakokera mpando pachitsekopo. Sindinapite kukadya, kuopa kuti angatsegule ine kulibe. Ndinakwiya, ndisakunamizeni, ndinati mwana wamwano uyu, ndayenda London yense chifukwa cha iye, koma mkwiyowo sunakhalitse, chifukwa ndinakumbukira kuti iyenso anakhalapo pakhomo kudikira munthu wopita kuchigayo.

Loweruka m'mawa, akavalo asanayambe kuzungulira, ndinamva loko kuti khethe. Analowa mkazi wamtali, wamapewa a bambo ake, atavala juzi yabuluu. Anagwada pakapeti patali ndi ine, monga amachitira mwana wolerereka pamaso pa mlendo, n'kuti, “Mwadzuka bwanji, mayi?” Mayi, osati amayi. Mayi wa pamsewu, mayi wogulitsa tomato. Ndinati ndadzuka, kaya iwe. Anati, “Amayi ndinawasiya ali bwino,” kunena achemwali anga a Enelesi. Ndinati zikomo.

Kenaka anati, “Ndabwera ndi funso limodzi. Munatenga Yohane. Ine munandiona chiyani?”

Ndinali nditakonza mawu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, onse anathawa. Ndinangoti, “Msana unali umodzi, mwanangu. Iye akanafa popanda bere, iwe ukanafa m'njira. Koma ndinakunamiza za chigayo, ndipo bodza limenelo ndilibe pobisala nalo.” Iye anati ankapita kumsewu wa kuchigayo madzulo alionse mpaka anayamba sukulu, ndipo ana anzake ankamutcha mwana wa chigawenga. Analankhula osakweza mawu, maso ali pakhoma, ine ndikungolandira, chifukwa madzi akatayika saoleka.

Ndiye maso ake anagwera pa kabedi kaja. Anati, “Muli ndi mwana wina?” Ndinati ayi. “Nanga aka n'ka ndani?” Ndinati, “N'kako.” Ndinamufotokozera za wa zikhadabo zofiira, ndi mmene pakamwa panga panayankhira. Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba m'maso. Anadzuka, anakakhala pakabedipo mawondo ali m'chibwano, anatola matikiti aja n'kuwawerenga, ndipo anayamba kuseka, kuseka kwa bambo ake kogwedeza mapewa, mpaka anagwira bulangeti lija kumaso. Ndinapita kukakhala pambali pake, kabedi kanalira kuti kwee, koma sanasunthe.

Tsiku limenelo sitinatuluke. Mayi wa mishoni ankatibweretsera tchipisi ndi nsomba m'mapepala, ife tikucheza. Anandiuza amene anamwalira, amene anakwatiwa, mtengo wa mango wa paseli pa nyumba umene unagwa ndi mphepo. Ndinamumanga tsitsi ndi ulusi umene ndinabwera nawo, ndipo ankadandaula kuti ndikukoka kwambiri, monga ankachitira kale. Koma mawu aja amene ndinkawadikira sanawatchule, ndipo ine sindinapemphe.

Mlendo ndi mame. Lamulungu sitima yawo inali ya masana, ndipo tinagwirizana kuti kunja sitidziwana, aliyense atuluke payekha. Atavala jasi lake anatenga matikiti aja n'kuti, “Mukaime pampanda wa akavalo paja.” Anabwerera kuchipinda chake, ine ndinatsika ndekha n'kukaima pakati pa azimayi achizungu odikira ana awo. Ndinangoona uyo, namwino wathunthu wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, akupereka tikiti ya mwana kwa bambo woyendetsa akavalo. Bamboyo anayang'ana tikiti, anayang'ana iye, n'kungokweza mapewa. Anakwera kavalo woyera pakati pa tiana, malimba anayamba, ndipo ulendo woyamba anadutsa ali nganganga, atagwira chitsulo ndi manja awiri. Ulendo wachiwiri anandifunafuna ndi maso. Ulendo wachitatu anasiya dzanja limodzi, anaiwala khutu la boma, anaiwala zonse tinapangana, ndipo anakuwa m'Chichewa pamaso pa azungu onsewo kuti, “Amayi! Amayi, ndioneni!”

Ndinamuona. Ulendo uliwonse ndinamuona, sindinaphethire.

Anatsika, anadutsa pafupi nane osaima, chala chake chinangokhudza mkono wanga, n'kulowa m'gulu la anthu kutsata mayi wa mishoni. Kumudzi palibe anadziwa, anagwira ntchito yake ya uzamba bwinobwino, koma pamene zinthu zinasintha ife n'kuloledwa kubwerera, ndinakapeza manda ake a zaka ziwiri. Anadwala pang'ono chabe, anatero a Enelesi. Ndilibe chithunzi chake cha tsiku lija ngakhale chimodzi, poti ndinasankha ndekha hotela yopanda wojambula, ndipo mpaka lero ndikamva malimba a akavalo aja ndimamusowa mwana wanga mpaka m'mafupa.

Ndiye sankhani, adzukulu anga, ya dziwe kaya ya soseji, zonsezo n'zabwino, ine sindikuletsani. Koma Mada, kamwana kako kakakakwera kavalo, foniyo ikakhale m'thumba. Kadzakuwa kuti undione, ndipo iwe udzakaone ndi maso ako, ulendo uliwonse, mpaka malimba atasiya.