Chikwanje cha a Gwanda ndi Marasipiberi Anga

Ine, Hamilton Mbewe, wa zaka 58, wochokera m'mudzi mwa Chimpeni m'boma la Ntcheu, amene panopa ndikukhala ku Springburn mu mzinda wa Glasgow ndipo ndimagwira ntchito yotsuka mabasi, ndikunena izi.

Chingerezi ndimachitha, moti azungu ena amachita kundifunsa komwe ndinaphunzira. Koma ndapempha kuti umboni uwu ulembedwe m'Chichewa, chifukwa tsiku limene ndinalankhula ndi apolisi m'Chingerezi, munthu anagona m'chitokosi.

Kuseri kwa nyumba yanga kuli kadimba kokhala ndi mpanda wamatabwa, ndi geti lotulukira ku kanjira ka kumbuyo. Getilo silikhomedwa. Zaka zinayi zapitazo ndinadzalamo marasipiberi akuda. Ndi zipatso zooneka ngati mabulosi, koma zimabala pa timitengo taminga toonda ngati bango, totuwa ngati wina watiwaza ufa. Kamtengo kakamera chaka chino kamabala chaka chamawa, kenako kamauma, iwe n'kukadula. Nsonga yake ikawerama n'kukhudza dothi, imagwira mizu pomwepo. Ukachedwa kudulira ndi kumangirira ku waya, zimapiringizana zokhazokha. Nthawi yozizira masamba onse amayoyoka, ndiye munthu wosazidziwa amangoona minga. Pali zina zofanana nazo zimene zimamera zokha m'mbali mwa njanji, zimene anthu kuno amazitenga ngati tchire. Zanga si zimenezo. Zanga ukathyola, chipatso chimasiya mtima wake pakamtengo n'kubwera chabowo ngati kachisoti. Mu Springburn monse sindikudziwa wina amene anali nazo.

A Goodwill Gwanda ndinawadziwa kutchalitchi chaka chatha. Ndi bambo wa zaka za m'ma 40, ochokera ku Dedza. Anabwera kuno kudzagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo chilolezo chawo chokhalira m'dziko muno chinamangika ku ntchito imeneyo. Akazi awo ndi ana atatu ali kumudzi. Ndi munthu wofatsa, wokhulupirira zimene wamva. Ine ndinkawaseka Lamlungu lililonse pa nthawi ya tiyi. Ndinkawauza kuti a ku Dedza amadziwa mbatata basi, ulimi weniweni uli ku Ntcheu. Iwo ankangoti, “Chabwino madala, tidzaona.” Tsiku lina ndinawachezera kuchipinda kwawo ndipo anandionetsa khasu ndi chikwanje zimene anabwera nazo kuchokera kumudzi m'chikwama cha pansi pa ndege. Chigwiriro cha chikwanjecho anachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndinawafunsa ngati akufuna kusosa mumsewu wa mabasi.

Mwana wanga Olivia, wobadwira konkuno, ali ndi ukwati mwezi wa Ogasiti. Ndinamulonjeza kuti mlendo aliyense adzapita ndi kabotolo ka jamu wa marasipiberi a m'dimba mwanga. Nkhaniyi ndinailengeza kutchalitchi, a Gwanda ali pomwepo. Mawu anga ndikuwakumbukira. Ndinati, “Mitengo yanga ndi makumi anayi, yaitali kuposa mango a kwanu. Pothyola ndimakwera makwerero, ndipo chipatso chimodzi chikakugwera pamutu umapita ku chipatala.” Anthu anaseka chifukwa amandidziwa. A Gwanda sanaseke. Anati, “Ndiye ndi mitengo yamphamvu.” Kunyumba kwanga anali asanalowepo kuseri.

Kumayambiriro kwa Malichi ndinagonekedwa m'chipatala kuti andipange opareshoni ya bondo. Bondolo linayamba kundivuta chaka chatha, ndiye m'dimba sindinadulire, sindinamangirire. Mayi ake a Olivia anali ku Malawi kokaona makolo. Olivia amakhala kwayekha, ndiye kunyumba kunalibe munthu.

Lachinayi masana a Gwanda anabwera kudzandizonda atanyamula nthochi. Anakhala pampando wa pambali pa bedi. Anandifunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Ine ndinati, “Kunyumba kulibe kunyumba, a Gwanda. Dimba langa lasanduka nkhalango. Mkango ukhoza kuberekeramo ana, a khonsolo osadziwa.” Iwo anati, “Pepani madala.” Ndinawonjeza kuti pofika potuluka ine, minga idzakhala italowa pawindo n'kugona pabedi panga. Anafunsa ngati geti la kumbuyo limakhomedwa. Ndinati ayi. Sindinawafunse chifukwa chake amafunsa.

Apa ndikufuna wolemba alembe bwino. Sindinawauze ndi pakamwa kuti pitani mukalime. Koma kwathu ukagona m'chipatala n'kudandaula za munda pamaso pa munthu wamphamvu zake, ndiye kuti wamutuma. Munthuyo sakuuza kuti ndipita. Amangolawira ndi khasu, iwe udzapeze atalima. Bambo anga atathyoka mwendo, munda wathu unalimidwa chonchi, ndipo mpaka lero sitidziwa onse amene analima. Zimenezi ine ndimazidziwa kuyambira ndili mwana.

Loweruka dzuwa litapendeka, Olivia anadzanditenga pa galimoto yake. Titafika, ndinayenda ndi ndodo za chipatala mpaka pawindo la kukhitchini. Marasipiberi kunalibe. Waya anali atakulungidwa n'kukolowekedwa pa mpanda. Timitengo tonse tinali titadulidwa n'kuunjikidwa pakona, mizu ili m'mwamba.

Nthawi yomweyo anagogoda Maggie, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe. Anati anaonera pawindo la pamwamba mwamuna wina wachikuda wovala chipewa chaubweya akutema tchire langa ndi chimpeni chachitali kuyambira m'mawa. Anati poyamba ankaganiza kuti ndine ndamulemba ganyu, koma ataona kukula kwa mpeniwo anakhoma zitseko. Anati munthuyo wangotuluka kumene pageti la kumbuyo, walowera cha kokwerera basi.

Ndinaimba foni ku polisi. Mayi amene anayankha anafunsa kuti anthuwo ndi angati. Ndinati asanu ndi mmodzi, mwina kuposa. Anafunsa ngati ali ndi zida. Ndinati aliyense ali ndi chikwanje chachitali ngati chitseko. Anafunsa ngati moyo wanga uli pangozi. Ndinati anthu amenewa amafuna ine, atandisowa ndi pomwe anapha mitengo yanga makumi anayi. Olivia anandikoka malaya n'kunena m'Chingerezi chake cha kuno kuti, “Adadi, Maggie wanena munthu mmodzi.” Ndinamuuza kuti akhale chete, akulu akulankhula.

Sipanapite nthawi, tinamva magalimoto a polisi akulira kumsewu waukulu. Anali ambiri. Kutsuka konse kwa mabasi kumene ndachita, sindinaitanitsepo magalimoto ochuluka chonchija.

Tikudikira, Olivia anatuluka kuseri. Atabwera anandifunsa kuti, “Adadi, zigawenga zimapanga mizere?” Ndinapita pakhomo la kumbuyo. Pamene panali marasipiberi panali mizere isanu ndi inayi, yowongoka, yotalikirana mofanana, dothi lake lofewa bwino, miyala atatola n'kuika pambali. Chibwerereni kuno zaka zoposa makumi awiri zapitazo ndinali ndisanaone mizere yotere. Pasitepe panali kapepala ka shuga kopinda pakamwa. M'kati munali nthanga za maungu.

Ndinakhala pansi pasitepepo ngakhale adokotala anandiletsa kupinda bondo.

Kenako anabwera apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi. Anati agwira munthu mmodzi pamalo okwerera basi, ena asanuwo akuwafunabe. Anati anamugoneka chafufumimba pamsewu anthu akuona, n'kumumanga unyolo. Anali ndi khasu paphewa, ndi chikwanje m'thumba la mpunga, chigwiriro chili kunja. Wapolisi wamkaziyo anandionetsa chithunzi pafoni. Chigwirirocho chinali chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga.

Ndinawauza kuti asiye kufuna enawo, kulibe. Ndinati munthuyo ndimamudziwa, ndi m'bale wanga wa kutchalitchi, ndatseka mlandu, amutulutse azipita. Wapolisiyo anati kuno wodandaula satseka mlandu. Anati nkhani ya dimba ikhoza kutha, koma yoyenda ndi chikwanje pagulu si yanga, ipita ku ofesi ya oimira boma pa milandu, ndipo ndi iwo adzaone ngati munthuyo anali ndi chifukwa chomveka. Anawonjeza kuti zimene ndinanena pafoni zinajambulidwa zonse. Ndinafunsa ngati angazifufute. Anati ayi.

Lamlungu sindinapite kutchalitchi. Masana a Gwanda anabwera, atatulutsidwa kuti azikadikira kunyumba. Anali ndi chilonda patsaya pamene panakhula msewu. Ndinawapatsa mpando koma anakana, ananjuta pafupi ndi chitseko chipewa chili m'manja. Anayamba ndi kundifunsa za bondo. Kenako anati:

“Madala, mitengo yanu ija sindinaipeze. Ndinafunafuna kuti ndisaikhudze. Ndinaganiza kuti mwina ili kudimba lina.”



Anapitiriza kuti, “Makwerero nawonso sindinawaone. Ndinangopeza minga ija munkanena, ndiye ndinati ndizule ndi mizu yomwe kuti isakuvutitseninso.”

Olivia anawauza kuti minga imeneyo ndiye inali marasipiberi. A Gwanda anayang'ana Olivia, kenako ine. Anafunsa kuti, “Timene tija?” Anaonetsa msinkhu wake ndi dzanja pachifuwa pawo. Ndinati eya, timene tija. Kenako anati, “Ndiye ndawononga ukwati wa mwana. Mundikhululukire madala.”  

Olivia ndi amene anawafunsa za kuntchito. Anati mabwana awo awauza kuti ayambe akhala kunyumba mpaka nkhani ya polisi ithe, ndipo ikafika kukhoti n'kuwapeza olakwa, ntchito yatha. Ntchito ikatha, chilolezo chokhalira kuno chathanso. Anati akazi awo sanawauze, amangowauza kuti ali pa tchuthi. Tinawapatsa tiyi, anamwa theka. Potuluka anaima pawindo la kukhitchini n'kundiuza kuti maunguwo ndisafulumire kudzala, kuno kukuzizirabe.

Tsopano ndikufuna kukonza zimene ndinanena pafoni, ndi zina zimene ndinanena kutchalitchi, popeza zonse zafika pamodzi. Anthu sanali asanu ndi mmodzi. Anali a Gwanda okha. Chikwanje chinali chimodzi, chachitali ngati mkono wanga, chofanana ndi chimene chili m'nyumba iliyonse kumudzi. Palibe amene anandiopseza kapena kundifuna. Mitengo sinali makumi anayi. Anali mapando asanu ndi awiri, ondilekeza pachifuwa. Makwerero ndilibe. Zipatso zake ndi zazikulu ngati nsonga ya chala, ndipo chaka chimene zinabala kwambiri zinadzaza beseni limodzi ndi theka. Za kukoma kwake kokha sindichotsapo kanthu, Maggie akhoza kuvomereza. A Gwanda analowa m'dimba mwanga chifukwa ndinawadandaulira ndili pabedi la chipatala, ndipo geti ndinawauza ndine. Chikwanje ananyamula popita kokandilimira ndi pobwerako. Chifukwa china palibe. Sanalandire kanthu, ngakhale madzi akumwa, poti nyumba inali yokhoma. Ndili wokonzeka kukanena zimenezi kukhoti, ndi ndodo zanga zomwezi.

Dzulo Maggie anandiitana kuti ndisuzumire mbali yake ya mpanda. Nsonga ziwiri za marasipiberi zinadutsa pansi pa matabwa chaka chatha n'kugwira mizu m'dothi lake. Zili moyo. Anati ndikazitenge zisanayambe kuphuka. Chaka chino sizibala, ndipo jamu wa paukwati Olivia wati adzagula kusitolo. Ine sindingagwade kuti ndizikumbe. Munthu amene ndikumudziwa kuti angazikumbe bwino osadula mizu alipo, koma khasu lake lili kuno ku polisi, m'thumba la pulasitiki, limodzi ndi chikwanje.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Womasulira wandiwerengera zonse kuyambira pamwamba, ndipo ulendo uno sindinawonjezerepo kanthu.

Wosayina: H. Mbewe ........................................