Tizovala ta mwana wa a Singano

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1984, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo wamkulu. Mundikhululukire, mutu wanga sunayambebe kugwira.

Sukulu analekezera Fomu 2 mu 2000, n'kuphunzira utelala. Ambiri mumawadziwa ndi dzina loti a Singano, poti anali ochepa thupi komanso akuthwa pakamwa. Ukapita ndi buluku long'ambika, unkabwerako litasokedwa, iwenso utadzudzulidwa.

Mu 2007 anakwatiwa ndi alamu athuwa, amakaniko. Zaka zinapita popanda mphatso ya mwana. Anayenda m'zipatala mpaka kutopa nazo, ananyozedwa, koma banja silinagwedezeke.

Chaka chino mu Epulo mimba inayamba kukula, miyendo n'kutupa. Tonse tinati Mulungu wayankha. Alamu anapenta chipinda, mayi athu anavina mpaka kuiwala ndodo yawo. Malemu anasoka tizovala todzaza dengu, koma kusikelo ankazengereza, ankati zipatala zinawakhumudwitsa kokwanira.

Lachiwiri lapitali, pa 12 Ogasiti, ali pamakina mushopu mwawo, anasanza magazi pansalu imene ankasoka. Kuchipatala atawaunika, madokotala anatiuza zimene sitinkayembekezera. M'mimbamo munalibe mwana, munali madzi. Kachilombo ka matenda a chiwindi kanakhala m'thupi mwawo zaka zambiri mwakachetechete, mpaka chiwindi chinauma gwa. Magazi atalephera kudutsamo anabwerera ngati madzi a m'paipi yotsekeka, n'kudzipanikiza m'timitsempha ta kummero. Timitsemphato ndi timene tinaphulika.

Ambiri mwatipepesa kuti tikuika anthu awiri. Ayi abale anga, m'bokosimu muli munthu mmodzi.

Lachitatu masana anatsitsimuka pang'ono, n'kufunsa amuna awo ngati mwana ali bwino. Alamu anawagwira dzanja, n'kuwauza kuti ali bwino ndithu. Malemu anamwetulira, ndipo sanalankhulenso.

Asiya amuna awo, mayi athu, ndi ife abale awo anayi, amene madokotala atiuza kuti tikayezetse magazi tisanachedwe. Tikuthokoza anamwino, atelala anzawo amene anawathamangitsira kuchipatala, ndi nonse amene munapereka magazi.

Tizovala tija tawaikira pambali pawo. Alamu apempha kuti lero lokha tisawatchule a Singano, tiwaitane momwe ankalakalakira kuitanidwa.

Amake mwana, usani mumtendere.